Sabata Imene Ndinkabisa Phazi Langa

Ndine Ambrozi wa kwa Mpama, zaka ati 74. Kulemba ndidaphunzira ku sukulu ya kwacha, ndiye uwerenge mopirira, Felesita mwana wanga.

Lolemba
Kuphazi kwanga kuli chinthu chakuda. Ati khansa ya pakhungu, adzadula Lolemba likudzali. Ndatsimikiza mtima: munthu asadziwe. Kuno ukangoti opaleshoni, abale amayamba kuyeza dimba lako ndi maso. Ofunsa ndikuwauza kuti ndi minga.

Lachiwiri
Kuchipatala. Ine ndimati ndilowa ndekha kwa dokotala. Ayi ndithu. Masiku ano ati amationera pagulu kuti tizilimbikitsana. Atikhazika mozungulira ngati pa mapemphero a limana. Nesi akuti, "Aliyense atchule dzina ndi pamene pali chilonda." Mnyamata wachialubino wa ku Njuli akuonetsa khutu lake, alibe nazo manyazi. Ine ndikuvula nsapato, kutukula maso chonchi: Anaphiri a m'mudzi mwathu, adzaperekeza achemwali awo. Mayi wapakamwa ngati wailesi uja. Nesi akuti zapano zithere pano. Anaphiri akuvomera mokweza kuposa tonse.

Lachitatu
Wakabaza akundipatsa moni: "Agogo, pepani, tamva akudulani mwendo." Mpeni sunandikhudze, mwendo wapita kale!

Lachinayi
Pagulu kachiwiri. Malamulo: osadya m'mawa wa tsikulo, osapaka mankhwala achikuda, fodya wamphuno ayi. Ndipo aliyense abwere ndi womudikirira. Ine ndilibe, poti ndabisa. Anaphiri akukweza dzanja: "A Ambrozi ndiwasamala ine." Gulu likuwomba m'manja. Anga ali m'thumba.

Lachisanu
Odzazonda afika. Alimana, ndi nyimbo zija timayimba pamaliro. Damiyano mwana wa mlongo wanga, mkazi wake, ana awo onse.
Zimene abweretsa: mapemphero.
Zimene adya: tambala wanga.

Loweruka
M'mamawa ndapeza Damiyano m'dimba mwanga, ati akundithiririra kabichi. Kuthirira kwake kwa chingwe ndi zikhomo? Ndikumuuza kuti adula kachigamba chabe, kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Iye, "Malume, madokotala amatero kwa aliyense."

Lamulungu
Ku Misa andilengeza, pakati pa nkhani ya chopereka ndi ya mbuzi yosowa. Ansembe andidzoza mafuta. Anthu akundigwira chanza ndi manja awiri, ena mpaka misozi. Ndangovomera zonse, ndikanatani. Koma kabichi ndamugulitsa yense masana ano kwa mayi wina wa ku Njuli, ndi wosakhwima yemwe. Damiyano azithirira dothi.

Mawa ndikupita ndi Anaphiri. Mantha alipo, sindinama.

Felesita, mapepalawa ndapatsira munthu wobwera kwanuko. Undiyankhe, undiuze mmene nkhani yakupezera kumeneko: ndatsala ndi mwendo umodzi, kapena mwandilira kale?