Mlomo wa a Chikuse

Khalani pansi ana inu, ine miyendo yakana kale. Mwambi mukufunsawu udayamba chonchi.

A Damiyano Chikuse atapuma ntchito yoyendetsa malole, adapita kukatauni kena ka m'mbali mwa njanji kukaona malo akale. Ankafunanso kupempha malo oti amangepo nyumba yokalambiramo. Eni tauni adali atakhoma zikwangwani pa nyumba zakale kuti mlendo aziyenda yekha akuwerenga mbiri ya nyumbazo. A Chikuse adayamba ulendo dzuwa lili paliwombo.

Pa siteshoni yakale, chikwangwani chinkatamanda malemu Zuze Kampira, amene adakumba chitsime choyamba m'tauniyo. A Chikuse, thukuta lili kamukamu, adauza mayi wogulitsa nzimbe kuti kachitsime kotero ngakhale mfuko ikhoza kukumba. Mayiyo adangoti, "Chabwino, bambo," napitiriza kusenda nzimbe zake.

Atafika pa nyumba yakale yogulira thonje adapempha madzi. Mlonda wa pamenepo, mdzukulu wa malemu Kampira, adayankha kuti wamva zoti kwabwera mlendo amene akuti agogo ake a Kampira adali mfuko, tsono madzi a mfuko sangapatse munthu wolemekezeka. A Chikuse adameza malovu, nang'ung'udza kuti tauni yake njamiseche.

Pa sitolo yakale ya Mmwenye, imene idasanduka tiyirumu, nkhani idali itanenepa: akuti mlendo wati anthu onse muno ndi mfuko zamiseche. Mwini tiyirumu, mkamwini wa kwa Kampira, adati tiyi watha, ketulo ikuwira pamaso pawo.

Mapazi atatupa, a Chikuse adakhala pakhonde la khoti lakale navula nsapato. Chikwangwani cha pamenepo sadachiwerenge n'komwe. Za malo omanga nyumba adazisiya mumtima, poti adamva kuti wogawa maloyo nayenso ndi Kampira. Adangoimitsa wakabaza kuti awasiye kudepoti.

"Ndinu aja a mfuko?" adafunsa wakabazayo.

"Mwana wanga, ndangonena kamodzi kokha, kusiteshoni kuja."

"Pepani bambo, tayala laphwa," adatero, napalasa njinga yake bwinobwino kulowera kudepoti komweko.

A Chikuse adayenda wapansi, nsapato zili m'manja. Atakwera basi adausa moyo, poganiza kuti zathera pomwepo. Kondakitala adawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi otupawo, nati mpando wa a mfuko uli kumbuyo, pafupi ndi nkhuku.

Ali pakati pa nkhukuzo, adauza munthu amene adakhala naye pafupi mawu amene tikunenabe mpaka lero: ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.