Bulu wa a Lacaze

Pulani inabadwira m'bala ya pamlatho, botolo la vinyo litafika pakati. Firmin, amene anadzipatsa yekha dzina loti Jenerali ngakhale sanagwirepo mfuti, anamenya tebulo.

"Mverani, mafana. Mawa tauni yonse ya Sainte-Aure ikwera phiri kupita ku mwala wa malire a France ndi Spain. Ameya athu akagwirana chanza ndi anzawo a ku Spain monga mwa chaka chilichonse, apolisi onse ali konko. Sitolo ya a Lacaze itsala yokha ndi tchizi wake."

"Nanga tinyamula bwanji, bwana?" anafunsa Chimimba, wachiwiri wake, pakamwa pali buledi.

"Bulu wawo ali kuseri. Tidzera kanjira kamene azigogo athu ankazembetsera fodya. Pofika madzulo tagulitsa kutsidya."

"Ubongo umenewo!" anatero Kamphepo, katswiri wothawa.

Chimene Jenerali sananene n'chakuti mkazi wake Maite, mwana wa kutsidya komweko, anali atalumbira kuti mwamuna wakeyo akadzangogwidwanso, iye abwerera kwawo. Ndipo Jenerali ankamukonda mkaziyo zenizeni, kuposa vinyo.

Mawa lake masana mumsewu munali zii. Loko wa pasitolo anamuthyola ndi chitsulo, n'kupeza tchizi atamangidwa kale m'madengu, maliboni ali pamwamba. Munthu wanzeru akanadzifunsa. Jenerali anangoti, "Mwaona? Mulungu amakonda olimbikira."

Anasenzetsa bulu madenguwo, ndipo zinthu zinayenda mpaka pamphambano. Kanjira ka azigogo kanali kumanzere, koma bulu anafuna kumanja. Anamukoka, anamukankha, Chimimba mpaka anamunyengerera ngati mlamu. Ayi ndithu! Bulu anangoliyatsa liwiro chokwera phiri, Jenerali akukwekwerezeka pachingwe, anzake ali wefuwefu pambuyo.

Anatulukira pamwala penipeni. Malipenga analira, anthu a mayiko awiri anawomba m'manja.

"Bulu wanga!" anafuula a Lacaze. "Chaka chilichonse ndi iye amabweretsa tchizi wa phwandoli. Ndimati nditsike ndikamutenge. Anyamata inu, Mulungu akudalitseni!"

Jenerali anaona mwayi. Anavula chipewa, n'kuyamba kufotokoza za chikondi chake pa miyambo ya makolo. Chimimba naye pofuna kuonetsa ulemu anawerama kwambiri, ndiye chitsulo chija chinapulumuka m'jekete n'kugwera pamwala, ngwee! Loko wa a Lacaze anatsatira pambuyo.

Kamphepo anathawira ku Spain, n'kugwera m'manja mwa apolisi a ku Spain, amene anamubweza mwaulemu.

Jenerali sanayang'ane unyolo umene apolisi ankamumanga nawo. Maso ake anali pa Maite, amene anaima mbali ya France atanyamula mbale za phwando.

"Mayi, ndikufotokozerani…"

Maite anaika mbale pansi, anakonza tsitsi, n'kuponya phazi limodzi kudutsa mwala.

"Musavutike, bambo," anatero. "Ndafika kale kwathu."