Woyimba Wosadziwika

Usiku watha ndinalota zoti ngakhale pamaliro anthu angaseke, koma ine ndadzuka mtima uli phamphampha. Inu a Dokiso ndi a Tsala, mukudziwa kale za kabokosi kakuda kaja ananditumizira mlamu wanga wa ku Joni, kosungira zithunzi ndi nyimbo, kolumikiza ku wayifayi ya pakhomo. Ndinawalonjeza amayi kuti ndiikamo pulogalamu yoimbitsa nyimbo, kuti kaseti imodzi yokha imene malemu bambo anasiya, akuimba ndi banjo yawo ya chigubu pa ukwati ku Ntcheu, aziimvera pa foni ali kukhitchini. Paja lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Mpaka lero ndikulimbana nako.

Ndiye m'malotomo ndadina kuti pulogalamu ilowe, kabokosi n'kutsokomola. "Achimwene, mwasamba m'manja?" Ndisanayankhe kanayasamula, ine n'kugwera mkati.

Mkatimo mwasanduka ofesi: mabenchi, wotchi yakufa, zenera lotseka. Nyimbo zili pa mzere ngati anthu. Za kwaya zavala yunifolomu, za achinyamata mabuluku ali m'mawondo, za kunja zikungodutsa osaima, mlonda akuzichitira sawasha. Kumapeto kwenikweni kwa mzere ndikuona bambo anga, avala jekete ija yamaukwati ndi maliro omwe, banjo ili kukhwapa.

"Iwe, wandiitaniranji kuno?"

"Amayi akufuna azikumvani, bambo."

"Ndili moyo ankati ndikusokosa."

Ndiye ndawagwira dzanja kuti tidutse, mlonda watitsekereza. "Pasiwedi!" Ndatchula dzina la galu wathu. Akuti yofooka. Ndatchula mudzi wa kwathu. Akuti yofookabe, ikhale ndi chilembo chachikulu, nambala, ndi mboni ziwiri. Mwadzidzidzi mlonda uja wasanduka nanzikambe, diso lina lili pa ine, lina m'thumba mwanga. Ndamupatsa fulashi, kachipangizo kosungira nyimbo, wameza, wasintha mtundu, wayamba kunditcha bwana.

Ndiye tafika pa kauntala. Mayi wapamenepo akukoka kamzere kobiriwira kaja kamasonyeza pamene ntchito yafika. "Yatsala pang'ono," akutero. Ndikuphethira, mayi uja ndi nkhono, wanyamula kauntala kumsana. "Yatsala pang'ono." Ine mkwiyo wandifika pakhosi, ndikuti mwakhala mukunena zimenezo ndevu zanga zisanamere. Iye walowa m'chigoba, akulankhulira momwemo kuti ali pa nkhomaliro.

Mwadzidzidzi tili mu ofesi ya Bwana Wamkulu wa Nyimbo, wasuti yonyezimira, mimba ili pa tebulo. Wandilanda kaseti ya bambo ija.

"Dzina?"

"Layisoni Mkwapatira," atero bambo, atavula chipewa chimene analibe.

Bwana waimba foni kutsidya la nyanja, akugwadira foniyo. Waika pansi. "Kunjaku akuti sakukudziwani."

"Ku Ntcheu konse amandidziwa."

"Ntcheu ndi dzina la chimbale? Chithunzi cha pachikuto chili kuti? Nyimbo yake ndi ya mtundu wanji?"

"Yaukwati, bwana."

"Mtundu umenewo kulibe."

Akunena choncho nyanga zikumera. Wasanduka tonde, tayi ili pakhosi pompo, wasolola tepi ya m'kasetimo n'kuyamba kutafuna ngati kholowa. Ndakuwa kuti ndi imodzi yokhayo, iye akuti akuisanthula.

"Komabe tikuthandizani," akutero kukamwa kuli tho. "Tapeza mzungu wina woimba mofananako. Mutenge dzina lake ndi nkhope yake, mulowa lero lomwe." Ndiye kuchokera kudenga kwatsika chipewa cha akaboyi ndi tsitsi lachikasu, zatera pamutu pa bambo. "Mukakana, chipinda chanu ndi icho."

Chitseko chatseguka chokha, pamwamba palembedwa kuti Woyimba Wosadziwika. Anzanga, munali anthu! Amayi a nyimbo za pamtondo, abambo a ng'oma, akhungu oimba pamsika, onse akhala chete, onse nkhope imodzi yotuwa, yopanda maso ndi pakamwa. Ndinachita mantha, ndipo ndinamva chisoni chimene sindinamve ngakhale tsiku loika maliro.

Bambo anditembenukira, tsitsi lachikasu likuwagwera m'maso. "Mwana wanga, chonchi amako akandizindikira?"

Ndamenya tebulo. "Lembani Layisoni Mkwapatira! Ndi bambo anga!"

"Mulibe chilolezo chosintha dzina," watero tonde. "Amasintha ndi mwini kabokosi yekha."

"Mwini wake ndine! Kali pa kabati m'nyumba mwanga!"

"Inu ndinu wogwiritsa ntchito chabe."

Ndiye tepi yatsala kachidutswa, kakulendewera pandevu za tonde. Bambo aponya chipewa pansi, akhala pa benchi, akunga banjo. "Asalembe," akutero. "Amako angomva, adziwa." Ayamba kukhwacha zingwe, ine ndatchera khutu ndi mtima wonse, koma chikutuluka ndi tswa, tswa, tswa. Akhwachanso mwamphamvu. Tswa, tswa, tswa.

Ndinadzidzimuka kutacha, tsaya lili pa laputopu. Linali tsache. Amayi anali kusesa pakhomo pa chipinda changa, pamalo amodzimodzi, pang'onopang'ono, momwe amachitira akafuna kufunsa kanthu koma akuopa yankho lake.