Ukazembe wanga wa sabata imodzi

Lolemba

Ndakwezedwa! Ine, wakabaza wa pa Muloza, lero ndine kazembe wa gemu yatsopano ya mpira ya pafoni. Akampani andipeza okha pa intaneti. Akuti amva zoti m'gulu lathu la osewera ndikangotsokomola, onse amadwala chimfine. Sananame.

Akundipatsa:
– bando ya intaneti
– tisheti, ili m'njira
– wosewera wagolide m'gemumo, satopa, saphonya

Akufuna ndiziitamanda, ndikokere anzanga, ndisadandaule pagulu. Basi! Pulani yanga: pofika Loweruka ligi yathu ya ku babashopu kwa Jowau isamukire ku gemu imeneyi, yakale tiitaye. Za mphatsozi sindiuza munthu. Wakabaza sauza kasitomala kuti buleki ndi chidendene.

Lachiwiri

Ndatumiza voisi noti m'gulu: “Abale, gemu iyi ngakhale udzu wa pabwalo umanunkhira!” Onse akudawuniloda. Jowau wometa, amene timalimbirana naye chikho chaka ndi chaka, akuti: “Amigo, wayamba liti kutamanda chinthu chomwe si iwe?” Nsanje basi.

Esinati wothyola tiyi, mkazi yekhayo mu ligi, wathera pomwepo bando yake ya mwezi. Akuti, “Poti mwanena ndinu, achimwene.” Mawu amenewa andiima pakhosi pang'ono. Ndatsitsira ndi chinanazi.

Lachitatu

Chiperoni, phiri silikuoneka. Madandaulo okha ndiye akuoneka:
– foni ya Amidu, mnzathu wa mu ligi, ikutentha, akuti akhoza kuotcherapo chinangwa
– ya Esinati yazima penate ili m'malere
– Jowau akangoti agoletse, pakutulukira otsatsa sopo

Yanganso ikutentha, ntchafu yapsa ndi m'thumba momwe. Koma kazembe salira! Ndawayankha: “Imeneyo ndi mbaula yaulere, kuzizira kuno muzithokoza.” Akampani akuti ndikugwira ntchito yotamandika. Ndikudziwa kale.

Lachinayi

Ndakwapula onse! Wagolide wanga akuthamanga ngati wozembetsa shuga waona a pachipata. Amidu ndamumwetsa zigoli mpaka ndasiya n'kuwerenga komwe, zala zandithera. Akufunsa kuti wosewera wonyezimirayu ndamutenga kuti. Ndati, “Mapemphero.”

Jowau wazimitsa mashini ake ometera, akundiyang'ana kudzera pagalasi. “Amigo, ku Nkando kuli aja amakhala m'minibasi kunamizira kuti yatsala pang'ono kudzaza. Enieni mukakwera, iwo atsika kukalandira zawo. Umawadziwa?” Ndaseka kuposa aliyense. Koma kuwina kwa lero kukundizunguza mutu ngati ndadya nyemba za kalongonda zosapsa.

Lachisanu

Kalanga ine! Tisheti yabwera pa minibasi. Ndinaiwala kuti katundu aliyense wa pa siteji pano amasiyidwa kwa Jowau, kaya ndi mankhwala a agogo, kaya ndi nkhuku. Kondakitala akuti wakuwa ali pamsewu: “Kazembe wa gemu ndani kuno? Akampani atumiza zovala zake!” Jumbo yake yoonekera mkati. Pofika ine ndapeza aikoleka pagalasi, kumsana zilembo zazikulu ngati za pa basi: KAZEMBE WATHU.

Onse akuseka, Esinati yekha ayi. “Achimwene, mukanangonena kuti akukupatsani kanthu. Tikanaiyesabe, koma maso ali otsegula.”

Andichotsa m'gulu. Foni ili zii. Ine weniweni, mwini phokoso! Palibe wondinena, palibe woti ndimunene. Ndayesa kuseleula kasitomala panjinga, watsika.

Komabe tishetiyo ndi yokongola, ndisaname.

Loweruka

Mlandu ku babashopu. Woweruza Jowau, chipeso m'manja. Chigamulo:
– ndinene zoona, pamaso pa onse ndi patsamba la kampani lomwe
– bando yaukazembe Esinati adye nawo mpaka ithe
– ndisewere gemu yakale, nditavala tisheti

Ndanena zonse. Imatentha. Imadya bando ngati mbuzi m'munda wa nandolo. Udzu sununkhira chilichonse. Wagolide anandipatsa, si mapemphero. Chodabwitsa, zoonanso ndimazitha kuzikometsera, anthu agwira nthiti!

Akampani sanachedwe. Ukazembe alanda, wagolide wachoka osatsanzika n'komwe.

Kenako Esinati wandikhazika pansi kuti tisewere gemu yakale ija. Mayo! Chigoli chilichonse akuti, “Iyi ndi ya penate yanga ija, achimwene.” Osintha ndalama asiya mameticali awo kudzaonerera, akabaza anzanga adzaza mpaka pakhonde. Fainolo ya chaka chatha inalibe anthu chonchi. Ngakhale poluza ndine dolo!

Lamulungu

Kazembe wapuma pantchito. Andibwezera m'gulu, dzina andipatsa lakuti Wodzazitsa Minibasi. Pa ligi ndili pansi penipeni, kutanthauza kuti onsewa ndawanyamula ndine. Mphamvu zake!

Tisheti Jowau akufunditsa makasitomala pometa. Tsitsi la Muloza yense likugwera pa ukazembe wanga. Ntchafu ikupola.

Masanawa Esinati wafunsa m'gulu: “Achimwene, kwatulukanso gemu ina ya njinga zamoto. Ndi yabwino?” Pakamwa panayamba kale kuyabwa. Ndadzigwira, ndalemba kuti sindikudziwa.

Amidu akuti chibadwire changa aka n'koyamba. Jowau akuti mawa andimeta ulere.