Tsiku limene ndinaphika digiri ya mayi a Tadala

Mpaka lero kwathu kukaphikidwa nyemba, ine ndimadya nditawerama. Ana amayesa ndi ulemu. Si ulemu, abale, ndi mlandu.

Zinali zaka zija zipani zitangochuluka, wailesi ikungoti jenda, jenda, ati amuna nawonso azigwira ntchito za pakhomo. Tinkakhala pa Mitundu, ine ndikuphunzitsa pulayimale. Mkazi wanga, mayi a Tadala, ankaphunzitsa ku koleji ya zaulimi, kwinaku akuchita kafukufuku wa digiri yachiwiri. Zaka ziwiri anakhala akusankha mbewu za nyemba zisanu ndi zinayi zosiyanasiyana. Kunatsala kudzala komaliza mvula ikagwa, alembe, amalize.

Sabata ina mwana wathu Tadala anadwala malungo, ndiye mayi ake anabwera nazo mbewu zija kunyumba kuti azigwira ntchito uku akudwazika. Anali atatheratu munthu, maso atalowa mkati. Loweruka mmawa atapita ndi mwana kuchipatala, chisoni chinandigwira. Ndinati lero aone kuti anakwatiwa ndi mwamuna wamakono.

Ndinasesa. Ndinachapa matewera (kuseri kwa nyumba, poopa aneba, umakono wanga unali ndi malire). Kenako ndinayamba kufunafuna ndiwo. Pamwamba pa kabati ndinapeza lichero, m'menemo timatumba ta pepala, kalikonse kali ndi nyemba zake. Zofiira, zoyera, zamawangamawanga. Ndinapukusa mutu: "Koma azimayi kuwononga! Kugula pang'onopang'ono chonchi bwanji?" Ndinakhuthulira zonse mumphika umodzi. Timatumbato tinali ndi manambala, ndinawaona ndithu. Ndinayatsira mbaula timatumba tomweto.

Atabwera, fungo linawalandirira pakhomo.

"Bambo a Tadala, mwaphika? Ee, zikomo! Nyemba mwazitenga kuti?"

"Pakabati paja," ndinayankha, chifuwa patsogolo.

Anatsitsa mwana pang'onopang'ono. Anayang'ana lichero, anayang'ana mbaula, nakhala pansi phwata! Sanakalipe. Bola akanakalipa. Misozi inangotsika mwakachetechete, ine nditaima ndi chipande m'manja ngati chidole cha m'munda wa mpunga. Sindinachitepo manyazi otero moyo wanga wonse.

Patapita nthawi anapukuta maso ndi chitenje, nafunsa ndi mawu otsika: "Nanga zinayamba kupsa ndi ziti? Zofiira kapena zoyera?"

Ngakhale zimenezo, ine sindinayang'ane.

Mwayi unali woti chaka chinacho anagawirako mbewu alimi a kumidzi ya cha ku Nathenje kuti akayese. Masiku a Loweruka anayi otsatizana ndinapalasa njinga khomo ndi khomo, kupempha dzanja limodzilimodzi. Nkhani inkafika ine ndisanafike. Mayi wina atandiona anafuula: "Aphunzitsi odya sukulu ya akazi awo aja ndi awa!" Ndinapeza mbewu zisanu ndi imodzi. Zitatu sizinapezekenso, ndipo mvula sinandidikire. Mayi a Tadala anamaliza atachedwa chaka chathunthu, anzawo onse atavala kale mikanjo.

Buku lawo la kafukufuku litatuluka, anandipatsa kuti ndiwerenge tsamba lothokoza. Anathokoza aphunzitsi awo, anathokoza alimi. Pamzere womaliza analemba kuti akuthokoza mwamuna wawo, amene anatsimikiza kuti mbewu zonse zisanu ndi zinayi zimadyeka.

Kuphika sindinasiye, chifukwa kutopa kwawo kunali koona. Kungoti tsopano ngakhale mchere ndimayamba ndafunsa.