Njerwa Yootcha Sitayidwa

Lolemba

Akazi anga, aNaphiri, anyamuka m'mawa uno kupita ku Virginia kukasamalira gogo wina sabata yonse. Abwera Lamulungu. Ali pakhomo andiloza chala: "Choothera moto chija musachikhudze mpaka tiitane mmisiri wa mapepala, wovomerezeka ndi boma." Ine: "Chabwino amayi." Ndayankha buku la nyimbo za kutchalitchi lili m'manja.

Ambuye mundikhululukire. Galimoto isanakhote n'komwe, ine ndili kale m'besimenti, chipinda cha pansi pa nyumba, kufunafuna hamala.

Zifukwa zanga, ndipo ndi zomveka:

1. Chilowereni m'nyumba ino ya ku Hyattsville, kutsidya kwa nyanja kuno, sitinasonkhepo moto ngakhale kamodzi.
2. Chadya theka la chipinda chochezera. Mwezi watha, pa mapemphero a mlaga, akulu a mpingo awiri anasowa mipando n'kukhala pa njerwa zake. Ananyamuka ndi mwaye kumbuyo kwa masuti. Manyazi!
3. Mwezi wamawa mlaga ubweranso kwathu.
4. Ndili patchuthi, ndipo manja ongokhala amachimwa.

Ndiye ntchitoyi ndi ya Mulungu, si yanga. ANaphiri akadzapeza khoma losalala, mipando itandandalika, adzakwiyira pati?

Lachiwiri

Hamala m'mwamba. Dzanja likukana!

Njerwa yoyamba yatuluka yathunthu. Yofiira, yolemera, ukaigogoda ikulira kuti ngwee. Yootcha bwino! Bambo anga ankaumba njerwa ku Ntcheu. Tinkaponda dothi, kuthamanga ndi zikombole, kusenzera nkhuni ku uvuni. Ukaswa imodzi, khutu lako linkadziwa. Ndiye ine lero ndiphwanye zimenezi n'kukataya kudzala? Ayi ndithu.

Njira yatsopano: kuchotsa imodziimodzi ndi tchizulo, kupala simenti, kupukuta, kusanja pakona.

Tsiku lonse: njerwa khumi ndi zinayi. Zotsala sindiwerenga, ndingafooke.

ANaphiri aimba masana. "Kunyumba kuli bwanji?" "Kuli bwino." Si bodza, kuli bwinodi. Ndadula foni msangamsanga.

Lachitatu

Kuseri kwa njerwa kuli chilombo. Thanki yachitsulo, yakuda bii, mapaipi awiri atuluka m'nthiti mwake kulowa m'khoma. Pa intaneti akuti ndi boyila: kale moto ukamayaka kutsogoloku, iyo inkatenthetsa madzi a nyumba yonse. Ndayesa kuigwedeza. Wagwedezeka ndi msana wanga.

Ndekha sindingathe. Ndakumbuka zakwathu: dima! Munda ukakukulira umaphika thobwa, anzako amabwera ndi makasu, dzuwa lisanapendeke ntchito yatha. Ndalemba pagulu la mlaga la pafoni: "Abale mwa Ambuye, Lachisanu kwathu kuli dima. Tikugumula choothera moto. Thobwa ndi nkhuku zilipo." Ma amen akugwa ngati matalala.

Ndaimbiranso Che Jafali, mnzanga woyendetsa galimoto ku ofesi ya kazembe wina ku Massachusetts Avenue. Kwawo ku Machinga anali mmisiri womanga nyumba. Akuti abwera akachoka kumzikiti.

Ndine wanzeru, ngakhale kudzitama ndi tchimo.

Lachinayi

Ndikutsuka m'mano, ganizo landimenya. ANaphiri ali m'gulu la mlaga lija. Analiyambitsa ndi iwowo!

Ndayang'ana. Awerenga. Dzulo lomwelo. Sanalembepo kanthu.

Aimba masana. Afunsa ngati ndatulutsa zinyalala, ngati ndamwa mankhwala a BP, ngati ndathirira maluwa. Za dima, zii. Inenso zii. Tapemphera pafoni, iwo akutsogolera: "Ambuye, tipatseni mitima yosabisa kanthu." Amen wanga watuluka wowonda.

Pofuna kuiwala, ndatenga sowo kudula paipi imodzi. Ndimati boyila ya zaka zonsezi ndi youma. Madzi! Akuda, onunkha ngati chithaphwi, fwaa pa kapeti.

Zimene zapita kunkhondo:
ndowa ziwiri
mapoto onse
beseni
matawulo, ngakhale a alendo
nsalu ina imene ndangoitsomphola pampando

Nsaluyo ndi chitenje cha aNaphiri cha Mvano. Ndazindikira chitamwa kale. Ndachichapa kawiri. Ndachipempherera kamodzi.

Njerwa zonse ndazipulumutsa. Palibe yanyowa.

Lachisanu

Dima! Abwera anthu asanu ndi awiri, ena adakali m'mayunifomu a kuntchito. Zida zimene abweretsa: palibe. Malangizo: ochuluka.

A Zulu, m'bale wathu wa ku Lusaka, ayang'ana boyila kamodzi: "Mudala, iyi ni nchito ya two minutes." Akhala pansi ndi ntchafu ya nkhuku.

Kenako maso a onse agwera pakona. Mkulu wa mpingo mmodzi, wa suti ya mwaye uja, watola njerwa, waigogoda, wagwira pakamwa. "Izi kumudzi ndi khitchini yathunthu!" Onse azungulira mulu wanga ngati pabadwa mwana. Akuzisisita. Ola lathunthu mkangano ndi woti zingakwere kontena yopita kumudzi kapena ayi, ndipo zikafika zimangire ndani. Ine mtima uli mbee. Boyila palibe waikhudza.

Che Jafali afika komalizira. Salonjera njerwa. Ayang'ana kudenga nthawi yaitali, n'kuloza mng'alu umene Lolemba kunalibe.

"Achimwene, chumuni chonse chapamwambachi chimakhalira njerwa mwasanja apazi. Chotsani zina zisanu, mudzagona nacho pabedi."

Abale atuluka mwaulemu koma mwachangu, mbale m'manja. Thobwa lathera panja. A Zulu akufuula ali kuseri kwa galimoto: "Nenze nakuuzani!" Anandiuza liti?

Loweruka

Che Jafali abwera ndi mizati iwiri yachitsulo kuchirikiza chumuni. Akuti ndisayetsemule pafupi. Mulungu awadalitse, sanandiseke. Anakasekera m'galimoto, ndinawaona mapewa.

Mmene chipinda chilili:
chibowo chakuda kukhoma
boyila ili pomwepo, paipi yomangidwa ndi mphira
kapeti panja
mizati iwiri pakati penipeni
njerwa makumi asanu ndi limodzi, zowala bwino
malo a mipando: achepa kuposa kale

Uthenga woulula ndalemba kanayi, ndafufuta kanayi. Woyamba unatalika ngati ulaliki. Wachinayi unali "Amayi" basi.

Ndaganiza zosala kudya kuti Ambuye afewetse mtima wa aNaphiri. Ndasala mpaka 2 koloko. Nkhuku yadzulo ikanaonongeka, ndipo kutaya chakudya ndi tchimonso.

Lamulungu

Kutchalitchi aliyense akundipatsa moni wa pamaliro, wa manja awiri. Amayi a Mvano: "Limbani mtima, bambo."

ANaphiri afika 3 koloko. Ndaima pakhomo, manja kumbuyo. "Amayi, ndachimwa, ndinalonjeza koma..."

"Tsegulani kaye buti."

M'buti muli matumba awiri a simenti ndi mpeni womangira watsopano. Anagula Lachinayi. Akuti za chumuni anazimva tsiku limene tinkagula nyumba, katswiri amene anabwera kudzaiyendera akufotokoza. Ine akuti ndinali pompo, ndikuyeza ndi mapazi malo a mipando. Ndawafunsa chifukwa chimene sanandiletse pafoni. "Ndinakuletsani Lolemba. Mumafuna ndikuletseni kangati?"

Alowa. Ayang'ana chibowo, mizati, pamene panali kapeti. Chitenje achiyang'ana nthawi yaitali kwambiri. Kenako atola njerwa imodzi, aigogoda. Ngwee.

"Koma kupala mwapala bwino. Sizivuta kubwezera."

Tiyamba mawa madzulo, Che Jafali akaweruka. Iwo kumanga, ine kusakaniza simenti ndi kupatsira. Boyila ikhala momwemo, aNaphiri akuti ikadzafuna kutuluka idzatuluka ndi mmisiri wa mapepala. Umboni wa sabata ino ndikaupereka ndekha pamaso pa mlaga, nditaimirira. Atero aNaphiri.

Ndiye mwezi wamawa akulu a mpingo adzakhalanso pa njerwa zomwe zija, pamalo omwe aja. Chokhacho, masuti awo adzanyamuka oyera. Iliyonse ndinaipukuta ndi manja angawa.

Ambuye alemekezeke.