A Rósinkar Asokera Khomo

A Rósinkar ankalondola amayi apakati. Musamve molakwa, mkuluyu analibe chimasomaso, anafika zaka makumi asanu ndi atatu asanagwirepo dzanja la mkazi kupatula la namwino. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi, kuwachenjeza amayiwo kuti iwo akadzamwalira adzabwera kutulo kudzapempha dzina.

Kuno ku Reykjavík aliyense amadziwa kuti wakufa akamufikira mayi woyembekezera m'maloto, ndiye kuti akufuna mwanayo atenge dzina lake, ndipo ukakana mwana sakula bwino. Achinyamata amaseka zimenezi, koma amaseka ali maso. Akufa ena onse amangotulukira osauza munthu. A Rósinkar okha ndi amene anayamba kukonza ulendowo akadali moyo, akudya bwinobwino.

M'mawa uliwonse ankakhala m'dziwe la madzi otentha la m'dera lathu, madzi m'khosi, maso pa mimba za anthu. Pakati ankapazindikira mwini wake asanauze n'komwe mwamuna wake. Anaphonyapo kamodzi kokha, tsiku limene anayamikira mkazi wa woyendetsa basi, yemwe anali atangonenepa ndi nyama ya nkhosa ya pa Khirisimasi. Mayiyo anawagwira pamutu n'kuwamiza. Iwo anavuuka akutsokomola, n'kunena kuti palibe kanthu, akadzaima awadziwitse.

Ukawauza kuti akufa amapita kwa abale awo, ankakufunsa dzina la agogo ako, kenako la amayi a agogowo, n'kumakwera nawo mibadwo mpaka kukakukumanitsa nawo pa woweta nkhosa wina wakumpoto amene anabereka ana khumi ndi asanu ndi anayi. M'dziko la anthu ochepa ngati lino zimenezo sizichedwa. Khofi asanazizire unkapezeka uli mdzukulu wawo.

Védís, amene ankadula nsomba pafakitale yakudoko, ankakhala m'zipinda zapansi za nyumba ina yosanja yamalata. Pakati pake patafika miyezi isanu ndi iwiri, anamva kugogoda. Anali a Rósinkar, atanyamula phukusi la nsomba zouma ndi batala. Anati abwera kudzaphunzira njira. Mumzinda muno anabweramo atakula kale, misewu inkawasokoneza ali moyo, nanga atafa? Choncho nyumba iliyonse ya wapakati ankaiyendera, kuwerenga mapazi kuchokera pachipata, ndi kufunsa mbali ya bedi imene mayi amagona, kuopa kudzadzutsa bambo.

"Nsapato ndidzavulira pakhomo, mwanawe, usadandaule za pansi pako."

"Nanga akakhala mtsikana, a Rósi?"

"Ndidzabweranso ulendo wina. Kumeneko ntchito kulibe."

Mwamuna wa Védís, Trausti, wokonza mainjini a maboti, anaseka mpaka kutsamwa. Anati mwana wa dzina limenelo adzabadwa ndi ndevu zakezake, akununkha fodya, n'kuyamba kufunsa namwino za nyengo. A Rósinkar anamuyang'ana modekha n'kumuuza kuti anthu a dzina loti Trausti adzadza tsamba lathunthu m'buku la matelefoni, moti mmodzi atafa lero palibe angazindikire kuti achepa.

Trausti atatuluka, mkuluyo anakhala pansi n'kumanyema nsomba ija, osadya. Anasimba za kwawo kugombe lakumpoto, kumene tsopano kwatsala mbalame ndi maziko a nyumba. Agogo awo aamuna anamira ndi boti, ndipo pasanathe mwezi anakaimirira pafupi ndi bedi la mpongozi wawo madzi akuchucha m'malaya. Ndi m'mene dzinalo linawapezera iwo. A Rósinkar asanu anatsogola, atatu mwa iwo alibe manda, nyanja sinawabweze. Anthu amenewo, anatero mkuluyo, alibe mwala wolembedwa, ali ndi dzina lokhali, ndipo lili m'thupi limodzi la mawondo otha.

Védís anamva chisoni, koma dzinalo sankalifuna. Anali atasankha kale lake, lalifupi, loti mwana sadzasekedwa nalo kusukulu. Msana unkamupweteka, fungo la nsomba linkamuchititsa nseru. Ndiye atamufunsa kumene amagona, anangoloza masitepe.

"Timagona m'mwamba, chitseko chakumanzere."

M'mwambamo munkakhala a Fanney, mayi wamasiye wa zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi zinayi. A Rósinkar anakwera atagwira khoma, akupumira pa sitepe iliyonse, akuwerenga mokweza. Khumi ndi anayi. Anatsika ali wefuwefu, n'kumuthokoza Védís kawiri.

Anamwalira patapita masabata atatu, mwezi uja wamdima umene dzuwa limangosuzumira n'kubwerera. Anawapeza atakhala pampando, atavala chikhoti ndi chipewa ngati munthu wodikira basi. Pamaliro, amayi apakati asanu ndi mmodzi anakhala pabenchi yakumbuyo, aliyense akuba maso pa mimba ya mnzake kuti ya mnyamata ingakhale iti.

Kuyambira pamenepo moni wa kudziwe unasintha. Amayi akakumana ankangofunsana kuti, wabwera? Wina anayamba kumwa khofi makapu asanu ngakhale namwino anamuletsa. Wina anafuna kusinthana mbali ya bedi ndi mwamuna wake, mwamunayo n'kukana kuti iye sagonapo pamenepo. Sabata inatha, yachiwiri inatha, palibe anawalota. Anthu anayamba kupuma. Trausti ankati mdalayo wakwera basi yolakwika, pano ali kubwalo la ndege.

Lachitatu lina a Fanney anatsika masitepe, nkhope ili gwa, zoluka zawo zili m'manja.

"Védís, katenge mlendo wako."

Anati masana aliwonse akangowodzera atadya, a Rósinkar amaimirira kumiyendo kwa bedi, chipewa m'manja, atavala masokosi okha kumapazi. Amawayang'ana kumaso, amawayang'ana pamimba, amakanda m'mutu. Kenako amatuluka, amatsika, ndipo amawamva akukweranso akuwerenga.

"Ndamuuza kuti Rósi, taona imvizi, ukufuna chozizwitsa cha m'Baibulo? Amangobwerera kukawerenga."

Trausti anayamba kuseka, koma a Fanney sanaseke nawo. Anati masiku oyamba munthuyo ankaoneka wathunthu, mabatani onse a chikhoti. Dzulo ankaona kabati kudzera pachifuwa pake, ndipo kuwerenga kuja kukumveka ngati kukuchokera m'nyumba ya anthu ena.

Védís anakhala pansi n'kuulula zonse. A Fanney anangoti anadziwa kale, masitepe amenewo ndi awo, mawu a pansi amakwera okha. Trausti anati maloto a nkhalamba amachokera m'mimba, koma ananena zimenezi akuyang'ana masitepe, kenako anavala nsapato n'kupita kudoko ngakhale kunalibe ntchito.

Mawa lake masana Védís anakwera. Pofika m'ma fili koloko kunja kunali kutada kale, mphepo ikugwedeza malata. Anagona pabedi la a Fanney, eni ake atakhala pampando akuluka. Ankaganiza kuti tulo sitibwera. Anamva singano zolukira zikugundana, kenako anasiya kuzimva, n'kumva mawu apansipansi kunja kwa chitseko. Khumi ndi awiri. Khumi ndi atatu.

Analowa. Anali ochepa kwambiri, ngati nthunzi ya pamwamba pa dziwe. Sanakweze n'komwe maso.

"Pepani mayi, ndasokeranso."

"Simunasokere, a Rósi. Ndine Védís. Ndinakunamizani, ine ndimagona pansi."

Anamuyang'ana nthawi yaitali. Pankhope pawo panalibe mkwiyo, panali manyazi a munthu amene wazindikira kuti phwando anabweralo sanaitanidweko.

"Masitepe ako ndi ovuta, mwanawe."

Védís anadikira kuti apemphe. Sanapemphe. Anavala chipewa, ndipo Védís anadzidzimuka a Fanney akumugwedeza phewa, kumufunsa ngati akufuna madzi. Kuchokera tsiku limenelo palibe anawaonanso, m'mwamba kapena pansi.

Mwana anabadwa wamwamuna. Monga mwa nthawi zonse, dzina linabisidwa mpaka tsiku la ubatizo, ndipo miyezi iwiri yonseyo ankangomutcha kamnyamata. Trausti ankati nkhani ndi yosavuta, munthuyo sanapemphe, ndiye palibe chimene akana, mwana ali pabwino. Védís ankavomera kuti n'zoona, mantha alibe. Chimene chinkamusowetsa mtendere n'chakuti munthu anakwera masitepe a eni ake masabata atatu atafa kale, ndipo atafika pamalo oyenera anachita ulemu n'kubwerera chimanjamanja. Anakangana kukhitchini, anakangana akuyanika matewera, anakangana ali m'galimoto panja pa tchalitchi.

Amene ananyamula mwana kutsogolo anali Trausti. Abusa atafunsa kuti mwanayu atchedwa ndani, iye anangoyang'anitsitsa mwanayo mpaka amayi ake omubereka anatsokomola. Kenako analitchula yekha dzina loti Rósinkar, nkhope ngati wameza munga wa nsomba. Kumbuyo wina anayamba kuseka, anzake anatsatira, ndipo kusekako kunatha msanga kuposa m'mene kunayambira.

Masiku ano amayi a m'dera lathu amaima mwakachetechete. Palibe amadziwa mpaka chikhoti chikane mabatani, ndipo palibe amagogoda kudzafunsa kuti umagona kuti. A Fanney amadandaula kuti tulo tawo tamasana tayera mopitirira muyeso, mwamuna mmodzi yekha amene ankabwera tsiku ndi tsiku kuchipinda kwawo anamulanda ndi Védís.

Mnyamatayo ali ndi zaka ziwiri, ndevu alibe, ndipo amathamangira kumsewu ukangomusiya dzanja. Védís akaima pakhomo n'kumuitana ndi dzina lake lonse, madala okhala pabenchi yoyang'ana kudoko amatembenuka. Sayang'ana pansi pamene pali mwanayo. Amayang'ana pakona, pa msinkhu wa munthu wamkulu. Védís nayenso amayamba wayang'ana pomwepo, kenako n'kuwerama kunyamula mwana wake.